Tsiku Limene a Giyawani Anasiya Buleki

A Giyawani anaima pamphepete pa phiri, malamba atawamanga m'mapewa ndi m'ntchafu, chisoti cholimba chili kumutu. Kumbuyo kwawo pa udzu anali atayala phiko la nsalu lofiira, lalikulu kuposa tenti ya lole, zingwe zake zowonda ngati ulusi wosokera nsapato. Kutsogolo kunalibe kanthu. Udzu unangothera pomwepo, kenako mpweya wokhawokha, ndipo kutali pansi uko kunkaoneka madenga a nyumba, msewu wa tala, ndi bwalo la msipu lomwe anthu ouluka amaterapo.

Kawailesi komangirira pachifuwa kanakhosomola.

"Ababa, mukundimva?"

Anali Namzeze, mwana wawo wamkazi, amene anali pabwalo pansipo. Ndiye anali mphunzitsi wawo.

"Ndikukumva."

"Mphepo ili bwino. Koma ngati mtima sukufuna, vulani malambawo. Palibe amene akusekeni."

"Ndani wakuuza kuti mtima sukufuna?"

Mtima sunkafunadi. Unkagunda mpaka m'makutu. Koma a Giyawani anali munthu woti akanena mawu pagulu, bola afe nawo kusiyana ndi kuwabweza. Mphunzitsi mnzake wa Namzeze, yemwe onse ankangomutchula Wandevu, anabwera kudzaonanso malamba, nagwedeza chitsulo chilichonse, kenako anatambasula dzanja.

"Madala, makiyi a minibasi ndiye mundisiyire. Nditsika nayo ine."

"Galimoto yanga satsitsa munthu wina phiri lino," anatero a Giyawani, nasisita thumba la buluku momwe munali makiyi. Wandevu anangopukusa mutu. Munthu akudumpha phiri, koma makiyi ayi.

Dzina la Giyawani silinali la makolo. Analipata pamsewu, m'zaka zomwe ankayendetsa malole onyamula simenti ndi zitsulo. Pamtsetse uliwonse, waukulu kapena wongoyerekeza, ankaika giya wani, phazi lili tcheru pa buleki, lole ikubuula pang'onopang'ono ngati ikupita kumaliro. Kumbuyo kwawo kunkachita mzere wa magalimoto, mahutala ali pipii, madalaivala akutukwana ndi manja omwe. Iwo ayi ndithu, ali phee. Kumbuyo kwa lole analembetsako mawu akuti Kuthamanga Sikufika, kuti otukwanawo akhale ndi chowerenga. Anzawo aliwiro ankawaseka, ndipo ambiri mwa osekawo a Giyawani anawaperekeza kumanda ali anyamata. Iwo anapuma pantchito asanakandeko ngakhale penti. Ndiye munthu wotere ungamuuze chiyani za buleki? Kwa iwo buleki inali mayi, inali bambo, inalinso m'busa.

Mulungu naye amadziwa kuseka. Munthu wa giya waniyu anamupatsa mwana wosadziwa kuyenda. Kamtsikanako kankangothamanga, kukhota apa, kukhota apo, mpaka anthu anakapatsa dzina la mbalame ija yosatera. Atakula, bambo ake anamuphunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo maphunzirowo anali nkhondo. Mwana phazi lake linkakonda moto. Bambo ankamenya dashibodi ndi chikhatho.

"Buleki! Buleki, iwe! Kodi m'makutumo muli thonje?"

Tsiku limodzi lokha ndi limene ananena zosiyana. Mvula inali itagwa, anali pamsewu wa dothi wotsetsereka, ndipo galimoto inayamba kutsetsereka cham'mbali kulunjika kungalande. Namzeze anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse, monga ankamuuzira masiku onse. Bambo ake anamugwira bondo.

"Chotsa phazi! Pamatope buleki ndi mdani. Tayala likaleka kuzungulira, chiwongolero chafa. Lisiye lizungulire, kenako ukhote."

Galimoto inawongoka. A Giyawani sanaganizirenso za tsikulo. Iwo ankakhulupirira kuti mwana ameneyu mawu awo ankalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Za kuuluka Namzeze anazipeza akugwira ntchito pahotela ina m'munsi mwa phiri, pomwe alendo ankabwera ndi zikwama zikuluzikulu za mapiko. Anayamba ndi kuwathandiza kupinda nsalu, kenako anauluka, kenako anakhoza mayeso ake onse mpaka kukhala mphunzitsi. Bambo ake atapuma pantchito anasowetsa mtendere m'nyumba. Ankamasula zitseko zabwinobwino kuti azikonze, ankawerengera mkazi wawo madzi a mumpopi, mpaka mayi a Namzeze anapempha mwana wawo kuti awachotsere munthuyu pakhomo asanawapengetse. Ndi mmene a Giyawani anakhalira dalaivala wa minibasi yakale yokweza ophunzira paphiri. Ankawatsitsa pamwamba, n'kutembenuza galimoto, n'kutsika ndi giya wani maso ali pamsewu. Kumwamba sankayang'anako. Mwana wawo ankadutsa pamutu pawo tsiku ndi tsiku, iwo osamuona ngakhale kamodzi.

Mlandu unabadwira m'minibasi momwemo. Tsiku lina akukwera phiri, galimoto itadzaza, wophunzira wina wamkulu bwino, mayi wovala magalasi, anafunsa mwaulemu.

"Madala, koma mumanyadira bwanji kukhala ndi mwana wotere?"

"Kunyadira chiyani?" anayankha a Giyawani, akusintha giya. "Ntchito imagwira ndi mphepo. Iyeyu amangolendewera ngati thumba. Chinsalu chimenechi ngakhale mbuzi mutaimangirira ikhoza kufika pansi."

Ena anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Namzeze anali pampando wakutsogolo, pambali pawo penipeni. Sanaseke. Anangoyang'ana pawindo mpaka anafika pamwamba. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo a Giyawani anaupeza msanga. Kuyambira tsikulo mwana wawo ankawapatsa moni wa m'mawa, n'kuwauza nthawi yonyamuka, basi. Ulemu unalipo wonse, koma unali wozizira. Patapita masabata angapo, mayi a Namzeze anaika kapu ya tiyi patebulo mwamphamvu mpaka inatayikira.

"Mwamva kuti mwana akuchoka? Amuitana kuphiri lina, kutali, ndipo akuti akapita sabwerera. Inu ndi pakamwa panupo."

"Ndinangonena chilungamo."

"Chilungamo chake chiti? Munayamba mwaulukapo inu? Kapepeseni, bambo. Mwana ndi mmodzi yemweyu."

A Giyawani anamva kuwawa m'chifuwa, chifukwa mwanayo ankamukonda koopsa, ngakhale anali asanamuuzepo. Koma kupepesa mwana wobala okha? Mawuwo ankafika pakhosi n'kubwerera. Anaona kuti kudumpha phiri n'kopepukako. M'mawa mwake analowa m'shedi momwe Namzeze ankayala mapiko pofufuza zong'ambika, naima pakhomo manja ali kumbuyo.

"Ndipatse chinsalu chakocho. Ndikufuna ndione chimene chimavuta."

Namzeze anasiya phiko, nawayang'ana.

"Chabwino, Ababa. Koma pali lamulo. Pansi pano ndinu bambo anga. Mukamanga malamba ndinu wophunzira. Ndikanena, muzichita pomwepo. Mafunso tizikafunsana mutatera."

Maphunziro anayambira pa kachitunda ka m'mbali mwa bwalo. Munthu wa imvi ankathamanga ndi chinsalu pamutu, kugwa, kudzuka, kulavula udzu, kuthamanganso. Namzeze anawaonetsa zogwirira ziwiri, china kudzanja lamanja, china kulamanzere, chilichonse ndi chingwe chake chopita kumbuyo kwa phiko.

"Mukafuna kukhota, muyambe mwayang'ana komwe mukupita. Kenako mupendekere thupi komweko. Kenako mukoke dzanja la mbali imeneyo pang'onopang'ono, linalo mulisiye likwere. Mukakoka zonse ziwiri, liwiro limachepa. Mukakweza manja, liwiro limabwerera."

"Ndiye kuti ndi mabuleki," anatero a Giyawani, nkhope ikuwala ngati akumana ndi mbale wawo kuchilendo.

"Ndi mabuleki, eya. Koma mverani bwino apa. Phikoli limakhala m'mwamba chifukwa likuyenda. Mukalichedwetsa kwambiri limaleka kuuluka, limagwera kumbuyo, inu n'kutsika ngati mwala. Ndipo mukalikhotetsa lilibe liwiro, limazungulira ngati nguli. Muzimvera mphepo kumaso kwanu. Ikangoti zii, dziwani kuti mwatsala pang'ono kugwa."

A Giyawani anagwedeza mutu ngati amva. M'mutu munamvadi, koma manja anali ndi nzeru zawozawo, za zaka zonse zija za pamsewu. Kanthu kakangowadzidzimutsa, manja ankatsika okha. Namzeze ankawaimitsa.

"Manja anu ndi olemera, Ababa. Kwezani."

Ulendo wina anauluka nawo awiriwiri, bambo kutsogolo, mwana kumbuyo akuwongolera. A Giyawani anatsinzina pafupifupi ulendo wonse, ndipo phiko likangoti lipendekeke, mwendo wawo wamanja unkaponda mpweya kufunafuna buleki. Namzeze anauona mwendowo. Anawabweza ku kachitunda kaja, masabata ndi masabata, mpaka manja anayamba kumvera. Apo ndi pamene Namzeze anavomera kuti auluke okha kuchokera pamwamba. Mayi ake atamva, anamuuza mwana wawo maso ndi maso kuti akawabweretsere mwamuna wawo wathunthu, osati zidutswa.

Ndiye lero a Giyawani anali pamphepete paja, makiyi m'thumba.

Kansalu koonetsa mphepo kanadzuka pamtengo wake, kuloza kumbuyo kwawo. Wandevu anakweza dzanja.

"Tiyeni, madala! Kokani! Thamangani!"

Anaweramira kutsogolo. Phiko linadzuka kumbuyo ndi phokoso ngati la tenti yomwe yakumana ndi chimphepo, linawakokera m'mbuyo, kenako linafika pamutu n'kupepuka.

"Musakhale pansi! Thamangani! Thamangani!"

Anathamanga kulunjika pomwe udzu unathera, chinthu chimene munthu wanzeru zake sachita. Phazi lina linaponda udzu, linalo linaponda mpweya, ndipo miyendo inapitiriza kupalasa pachabe phiri litatsala kale m'mbuyo. Zingwe zinayamba kuimba kamluzu, mphepo ikuwomba kumaso mpaka misozi.

"Mwanyamuka bwino, Ababa," inatero wailesi. "Khalani bwino pampando. Manja m'mwamba, cha m'mapewa. Pumani."

Anapuma. Pansi pa nsapato zawo panadutsa mitengo, kenako miyala, kenako msewu wokhotakhota uja umene ankautsika tsiku lililonse. Unkaoneka ngati chingwe chotayidwa. Sanaukonde mmene unkaonekera, ndipo anakweza maso.

"Tiyeni tiyese kumanzere. Yang'anani kaye. Pendekerani. Kokani pang'ono."

Anachita momwemo, ndipo dziko lonse linatembenuka mofatsa, phiri linabwera kumaso, kenako linachokanso. Anayesa kumanja, zinatheka. Mantha anayamba kusungunuka, ndipo m'malo mwake munalowa kamtima kena koipa. Si izi? Si zomwe ndinkanena? Anayamba kukonza mawu okanena madzulo patebulo, akuti ngakhale mbuzi.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Dzuwa linali litakwera, ndipo madenga a malata a m'munsi mwa phiri anali atatentha. A Giyawani atafika pamwamba pa madengawo, mpweya wofunda wokwera kuchokera pansi unawamenya ngati bampu yosaoneka. Phiko linagwedezeka, malamba anawakoka m'ntchafu, ndipo m'malo motsika anayamba kukwera.

"Musaope, ndi mpweya wotentha chabe," anatero Namzeze. Mawu ake anali odekha, koma anafulumirako. "Wakukwezani, ndiye mufika pabwalo muli pamwamba kwambiri. Tichepetse. Khoterani kumanja tsopano."

Anamva. Koma nthawi yomweyo maso awo anagwera kumapeto kwa bwalo. Kumeneko kunali mpanda, kuseri kwa mpanda msewu wa tala, ndipo m'mbali mwa msewuwo munadutsa mawaya a magetsi, pamitengo yake italiitali. Masiku onse ankadutsa pansi pa mawayawo ndi minibasi osawalabadira. Lero anali kutsogolo kwawo, ndipo ankakula.

"Ababa, kumanja. Tsopano."

Bwalo linayamba kudutsa pansi pawo. Anaona minibasi za anthu ena, ophunzira ataima kagulu, ndi kamunthu kovala jekete yachikasu pakati pa msipu, wailesi ili pakamwa. Anadutsa pamutu pake. Theka la bwalo linatha iwo akadali pamwamba kuposa mitengo. Maso anakana kuchoka pa mawaya. Ndipo manja, manja aja omwe anawapulumutsa pamitsetse yonse ya moyo wawo, anachita zomwe ankadziwa. Anatsika kuchoka m'mapewa kufika pachifuwa. Phiko linachedwa. Mtima unati eya, ndi zimenezo, imitsa. Manja anatsikanso kufika m'nthiti.

"Kwezani manja, Ababa."

Akweze bwanji? Kutsogolo kuli imfa, ndiye munthu awonjezere moto? Mwanayu wapenga? Manja anafika m'chiuno.

Kamluzu ka zingwe kanaleka. Mphepo yomwe inkawomba kumaso inafooka, n'kufooka, kenako inangoti zii. Kunagwa bata loopsa, loti anamva galu akuuwa kutali ndi mpweya wawo womwe ukutuluka m'mphuno. Zogwirira zinalemera m'manja. Phiko pamwamba linayamba kunjenjemera, ngati likufuna kutsalira m'mbuyo.

"Manja m'mwamba! Ababa! Manja m'mwamba!"

Mawuwo ankawamva ngati akuchokera m'nyumba ya eni. Anaganiza zothawa mawaya pokhotera kumanzere, ndipo dzanja lamanzere linayamba kutsikanso kupitirira chiuno. Nsonga ya phiko ya mbali imeneyo inafota, inayamba kubwerera m'mbuyo. Mpando unapendekeka. Apa a Giyawani anadziwa kuti akufa, ndipo chinawapweteka kwambiri n'chakuti afera pamaso pa mwana wawo, mwanayo n'kusenza mlandu moyo wake wonse chifukwa cha pakamwa pa bambo ake.

Wailesi inakhosomolanso. Kenako mawu anabwera ena, otsika, olimba, ngati munthu wakugwira bondo.

"Ababa, muli pamatope. Tayala laima. Chotsani phazi."

Mawu amenewo sanadutse m'mutu. Analowa m'thupi mwachindunji, momwe munali msewu wa dothi uja, mvula, ngalande ikubwera cham'mbali. Pamatope buleki ndi mdani. Anali mawu awo omwe, ndipo thupi linawazindikira. Manja anayamba kukwera, onse awiri, ngati akunyamula thumba la simenti.

"Choncho. Pang'onopang'ono. Mpaka m'mwamba. Lisiyeni lizungulire."

Phiko linalumphira kutsogolo. A Giyawani anaona nsalu yofiira ikubwera patsogolo pa nkhope yawo, msipu ukuthamangira kwa iwo. Mphepo inabwerera kumaso ndi mphamvu, zingwe zinayambanso kulira. Ankathamanga tsopano, kuthamangira mawaya omwewo, ndipo chilichonse m'thupi mwawo chinkakuwa kuti koka, koka, koka. Anakukuta mano. Manja anakhala m'mwamba.

"Dikirani. Musakhote. Dikirani liwiro."

Ankatha kuona mbalame ziwiri zitatera pawaya wapamwamba. Ankatha kuona timbale toyera tomangirira mawaya kumtengo.

"Dikirani."

Mbalame zija zinauluka.

"Tsopano! Yang'anani kumanzere, kumtengo waukulu uja, osati mawaya. Pendekerani. Kokani lamanzere mpaka paphewa, lamanja lisiyeni."

Kuchotsa maso pa mawaya kunali kovuta kuposa kukweza manja. Anapotoza khosi mwankhanza, napeza mtengo uja pakona ya bwalo, naponya thupi lonse kumanzere. Phiko linamvera. Linapendekeka bwinobwino, mwamphamvu, ngati galimoto yomwe matayala ake agwiranso msewu. Mawaya anasuntha kuchoka kumaso, anapita kuphewa lamanja, n'kuyamba kuyenda nawo limodzi cham'mbali, pafupi moti akanatha kuwaponyera chisoti.

"Wongolani. Manja m'mwamba. Tulutsani miyendo, muime m'malambamo."

Msipu unkabwera mwaliwiro loti a Giyawani sanayendepo pamtsetse uliwonse. Ankaona tsinde lililonse la udzu. Manja anayambanso kuyabwa.

"Ayi, ayi, musakoke. Dikirani. Dikirani." Mawu a Namzeze ankadukaduka, zikuoneka kuti ankathamanga. "Tsopano, Ababa! Buleki yonse! Yonse!"

Pa moyo wawo wonse palibe lamulo limene a Giyawani analimvera ndi mtima wonse ngati limenelo. Anakankhira manja pansi mpaka kumatako. Phiko linabuula, liwiro linaduka, mapazi anagunda pansi, anathamanga masitepe osawerengeka ngati mwana wophunzira kuyenda, kenako anagwa chafufumimba mumsipu. Nsalu yofiira inatsika pang'onopang'ono n'kudzaunjikana pambali pawo.

Anagona pomwepo, mphuno ili mu udzu, akumva fungo la dothi. Sanadziwe kuti dothi limanunkhira chonchi. Kenako anamva mapazi, ndipo manja anawatembenuza, kuwagwira khosi, miyendo, nthiti.

"Pakupweteka pati? Gwedezani zala za kumapazi. Ababa, ndiyankheni!"

"Ndili bwino."

Namzeze anakhala pansi mu udzu. Nkhope yake inali yonyowa, wailesi ikadali m'dzanja. Munthu amene ankalankhula modekha uja sanalinso pamenepo. Panali mwana wawo, wamantha, wokwiya.

"Ndikanakawauza chiyani amayi? Ndiuzeni! Ndikanakalowa bwanji m'nyumba muja?"

A Giyawani anafuna kumugwira, koma anapeza kuti zala zawo zakana kumasuka. Zinali zitafumbata zogwirira zija gwa. Namzeze anapukuta m'maso ndi mkono, nayamba kuwamasula chala chimodzichimodzi. Ophunzira anali atafika, ataima chapatali pang'ono, pamodzi ndi mayi wa magalasi uja.

"Za matope zija," anatero a Giyawani, mawu akusasa. "Unazimva?"

"Ndinkamva zonse, Ababa. Zonse zimene munandiphunzitsa ndili nazo. Ndi inu amene simunkaona."

Mawu aja amene ankafika pakhosi n'kubwerera anafikanso. Ulendo uno a Giyawani anawasiya adutse. Anawanena mokweza, kuti a m'minibasi aja amve, chifukwa chipongwe chinachitikira pamaso pawo.

"Mwananga, ndinalankhula zopusa. Mphepo ikanandipha lero. Wandibweza ndiwe. Undikhululukire."

Namzeze anamaliza chala chomaliza, nagwira dzanjalo kanthawi, lili lotupa ndi mizere ya zingwe. Kenako anaimirira n'kuyamba kupinda phiko, ndipo bambo ake anagwira nsonga inayo osauzidwa.

Minibasi inali ikadali pamwamba pa phiri, makiyi ali m'thumba la mwini wake. Wandevu anali atatopa kudikira, anamanga phiko lake n'kutsika mouluka. Choncho bambo ndi mwana anapempha malo pagalimoto ya alendo ena yomwe inkakwera. Atafika pamwamba, a Giyawani anapita kuchitseko cha dalaivala monga mwa masiku onse, natulutsa makiyi. Anaima. Kenako anazungulira kutsogolo kwa galimoto, nakatsegula chitseko chinacho.

"Tenga," anatero, akumupatsa makiyi pamwamba pa mpando.

Namzeze anawayang'ana, nayang'ana makiyiwo, nakhala pachiwongolero. Analiza injini. Atafika pomwe msewu umayamba kutsetsereka, anaika dzanja pa giya.

"Ndiike wani?"

"Yendetsa mmene ukudziwira."

Anaika giya thu. Galimoto inayamba kutsika, miyala ikulira pansi pa matayala, kona yoyamba ikubwera. A Giyawani anali ndi funso limene linkawadya kuposa konayo.

"Nanga za kuphiri lakutali lija?"

Namzeze anachepetsa liwiro, analowa pakona, natulukamo bwinobwino asanayankhe.

"Ndili ndi wophunzira wina manja ake akadali olemera. Sindingamusiye chonchi, angadzandichititse manyazi. Mawa m'mawa abwerere ku kachitunda."

A Giyawani anayang'ana pawindo kuti mwana asaone m'maso mwawo. Kona yachiwiri inali kubwera, yakuthwa, ya phompho kumanzere, ija ankaitsika minibasi ikubuula. Anamva mwendo wawo wamanja utauma. Atayang'ana pansi anapeza phazi laponda mphira wa pansi ndi mphamvu zonse, pamalo pomwe panalibe buleki. Analiyang'ana kanthawi. Kenako anadzigwira bondo ndi dzanja lawo lotupa lija, nalichotsapo.